Manja a Achemwali Felesiya

Lachisanu likubwerali chikwana chaka chiwaikire m'manda achemwali anga a Felesiya, ndipo amayi a kumpingo andiuza kuti ndidzanenepo mawu pa mapemphero. Ndawayankha kuti sindidzanena. Pagulu pamakhala makutu obwera kudzatola, mawa lake nkhani yako waipeza ili pamzere wa kuchibhorani, kumene timatunga madzi. Koma mdzukulu wanga Chisomo wandisiyira kope ndi bolopeni, akuti ndilembe zimene ndikukana kunenazo. Kopelo ndimabisa m'thumba la chimanga, momwe palibe amene amapisamo dzanja koma ine.

Ndiyambe ndi chimene chandikhala pamtima. Patha milungu itatu mwana wanga Esinati, mayi wake wa Chisomo, atavula mphete. Sananene kanthu. Ketulo akuinyamula ndi manja awiri, ndipo m'mawa akamamanga duku zala zake zimachedwa pa mfundo. Iye akuyesa kuti sindinaone. Ine m'nyumba muno palibe chimandidutsa. Ndimadziwa amene watsegula geti pongomva kulira kwake. Ndaona, ndipo ndakhala chete, poti kukhala chete ndiyo ntchito imene ndimaidziwa bwino. Achemwali akanakhalapo, bwenzi nkhaniyi itatha tsiku loyamba lomwelo, chakudya cha m'mawa chisanazizire.

Anali aakulu kwa ine ndi zaka khumi ndi ziwiri. Tinabadwira pa famu ya fodya cha ku Marondera, kuno kudziko la Ashona, kumene bambo athu anafikira atachoka ku Dedza wapansi. Amayi anamwalira ine ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndiye amene anandisambitsa, kundimeta ndi kundikwapula ndi a Felesiya. Muno mu Unit G, dera la m'tauni limene tikukhala, anthu ankawatchula Mbuya Phiri. Ine ndinkati achemwali, iwo n'kumanditi "iwe Agi" mpaka mutu wanga utayera, pamaso pa adzukulu anga, ngakhale pamaso pa abusa. Amuna athu atamwalira tinakhala nyumba imodzi, ndipo zaka zonsezo sitinagwirizanepo pa nkhani ya geti. Ine ndinkatseka, iwo ankatsegula. Wogulitsa matsache, wofunsa njira, mwana wa eni ake wothawa mkwapulo, onse ankawalowetsa n'kuwapatsa mpando. Ndikadandaula ankandiuza kuti wakuba amabwera ngakhale utseke, koma mlendo amabwera ukatsegula pokha, ndiye wotseka amangotsala ndi akuba.

Manja a achemwali ndinawadziwa asanapindike. Ankaluka madhoiri, tinsalu toyera ta ulusi tija timayala pamipando ndi pamwamba pa wailesi, timene azimayi a kuno ankapita kukagulitsa ku Joni. Ankaluka akuyenda, ankaluka akukangana, ankaluka ali pamzere wodikira kombi, maminibasi a kuno, pa Seke Road maso ali kwina. Kasingano ka ngowe kankathamanga moti sukanakaona. Ena ankatengera maluwa awo kuchokera m'mabuku. Iwo ankangoyang'ana tsamba la mbatata kapena mphako ya mtengo, madzulo waipeza pa nsalu.

Matenda anawayamba akuyandikira zaka makumi asanu ndi limodzi. Poyamba kunali kuuma kwa m'mawa. Ankati manja awo asanduka alendo aulesi, odzuka dzuwa litakwera, mwini nyumba atasesa kale. Kenaka mfundo za zala zinatupa, kumanja ndi kumanzere chimodzimodzi, zotentha ukazigwira. Zaka zitapita zala zinayamba kupendekera kumbali, zonse kuloza kwa kachala kakang'ono, ngati udzu umene madzi adutsapo. Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse unali umodzi. Ankatuluka ndi mpando wawo wa waya, kuukhazika pa khoma la kum'mawa pamene dzuwa limayamba kugunda, ine n'kuwabweretsera beseni lobiriwira la madzi ofunda. Ankaviika manja mpaka madzi azizire, akulonjera aliyense wodutsa mumsewu. Tsiku limene m'mipope mulibe madzi, beseni lija linkayamba ndilo, tiyi pambuyo. Supuni yawo anaikulunga ndi mphira wa chubu cha njinga kuti chogwirira chikule. Buku la nyimbo ankaligwira ndi zigwinjiri, ndipo ankayimba mokweza kuposa onse, nthawi zina vesi lolakwika.

Ine ndinadziwa msanga amene anachita. Moyang'anizana nafe munkakhala mayi wina, naye woluka madhoiri koma osagulidwa, amene anabwereka kasingano ka achemwali n'kukasunga sabata yathunthu. Mwezi wotsatira manja n'kuyamba. Kodi pamenepo pafunikanso umboni? Ndinawakoka achemwali kupita nawo kwa aneneri a zovala zoyera amene amapemphera patchire kuseri kwa nyumba zomalizira. Mneneri anatseka maso n'kunena kuti mdani ali pafupi, amaona khomo lathu tsiku ndi tsiku. Ine mtima unakhala pansi. Pobwerera achemwali anati mneneriyo ali ndi mawu abwino oyimbira, koma afunsidwe kuti mayi wa tsidya la msewuyo anali kuti pamene amayi athu ankalephera kusoka fodya pa famu, poti nthawi imeneyo anali asanabadwe.

Ndinawauza kuti amayi analibe matenda a manja.

"Iwe Agi, ukawakumbukira amayi, manja awo umawaona ali pati?"

Ndinayesa kuwaona. Nkhope imabwera, mpango umabwera, koma manja nthawi zonse ali pansi pa nsalu, pamiyendo. Ine ndinkayesa kuti ankamva kuzizira.

Sabata yomweyo achemwali anamuitana mayi wa tsidya la msewu uja kudzamwa tiyi. Ndipo popeza ine ndinkakana kuwatsegulira kachitini kawo ka fodya wa m'mphuno, amene ankawatsegulira kuyambira tsiku limenelo anali mfiti yanga ija. Zaka makumi awiri, m'mawa uliwonse, ankadutsa msewu kudzapotokola chivindikiro. Pa maliro a achemwali analira kuposa ine. Mpaka lero sindimudyera chakudya chake, koma ndimamulonjera.

Kuchipatala tinapita mochedwa, chifukwa cha ine ndi aneneri anga. Dokotala anali wamng'ono msinkhu, wachizimayi. Anatenga magazi, anapindapinda zala, tsiku lobwereranso n'kutiuza kuti iyi si nyamakazi ya ukalamba ija ya kutha kwa mafupa, koma ina, imene chitetezo cha m'thupi chimatembenukira mwini wake n'kumatupitsa mfundo. Kenaka anafunsa ngati kubanja kwathu kunali wina amene anadwalapo chotere. Ine ndinayankha msanga kuti palibe. Munthu akafunsa za mtundu wanu ali ndi bolopeni m'manja, mumadziwa kumene pepalalo likathere? Koma achemwali anandiponda phazi n'kuyamba kutchula. Amayi athu a Nasiwelo. Azakhali awo a amayi, a Nankhoma a ku Dedza, amene ankadyetsedwa ndi ana. Msuweni wathu wa ku Kadoma amene anthu ankati anagwira mankhwala a eni ake. Ankatchula ngati akuwerenga mayina a oyera mtima.

Dokotala anati matendawa amakonda kutsata mabanja ena, koma si cholowa choti aliyense alandire gawo. Ambiri a m'banja lomwelo amakalamba osawaona, ndipo sapatsirana pogwirana kapena podyera mbale imodzi. Anatinso chinthu chimene ndinachimva koma ndinayesa kuti sindinamve: kuti munthu akabwera kutupa kukangoyamba, alipo mankhwala amene amaletsa zala kupindika, koma zimene zapindika kale siziwongoka. Achemwali anazimvetsa mwa njira yawo. Ankauza anthu kuti matendawa ali ngati madzi a m'mipope ya kuno: paipi ndi imodzi, imadutsa pansi pa nyumba zonse, koma madzi amatuluka khomo lino, khomo linalo n'kuuma, ndipo palibe angakuuze chifukwa chake. Akatero ankaloza ine. Bele limodzi, ankati, koma onani zala za Agi, zowongoka ngati za wakuba.

N'zoona, ine anandilumpha. Ndili ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza ziwiri, singano ndimalowetsa ulusi ndekha. Koma kuchokera tsiku la kuchipatala lija ndinasanduka woyang'ana manja. Ana akamadya, ine maso ali pa zala. Mwana akabadwa anthu amayang'ana mphuno kuti wafanana ndi yani, ine ndimatambasula kadzanja.

Mkangano wathu waukulu unali wa Chisomo. Zaka zisanu zapitazo anapeza mnyamata wa Chishona, Tafadzwa, wa ku Zengeza 1, wokonza mafiriji. Asanayambe za malowolo, akwawo anatuma azakhali ake a mnyamatayo, amene iwo amati tete, kuti adzaone kumene mtsikana akuchokera. Ine ndinadziwa chimene akudzaona. Anthu a kuno amatitchula Mabhurandaya, dzina lonyozera ife obwera, tikangotembenuka, amati tilibe mudzi wokaikidwako, tilibe mutupo, chiwongo chija amalemekezana nacho. Tsono awonjezerepo kuti magazi athu amapinda manja? Mwana wa mwana wanga abwezedwe ngati mbale yong'aluka?

M'mawa wa tsikulo ndinawauza achemwali kuti akhale kuchipinda. Ndinati kubwera anthu ambiri, mipando ichepa, atopa. Ndinawaikira wailesi, tiyi ndi mabanzi awiri, n'kukoka katani ya pakhomo. Sanatsutse. Anangondifunsa ngati ndikufuna kuti asiyenso kupuma kufikira alendo atapita. Beseni lobiriwira ndinalibisa kuseri kwa chimbudzi, supuni ya mphira ndinaiika m'thumba la epuloni.

Tete uja anabwera ndi mng'ono wake, onse ovala bwino, azimayi a maso oyenda. Anayamikira madhoiri a pamipando. Tinalonjerana mwa chikhalidwe chawo, kuomba m'manja mofumbata, ndipo nkhani inayenda. Kenaka anafika pamene ndinkayembekezera. Anapepesa kaye, n'kufunsa za kwa bambo ake a Chisomo: mutupo wawo, kumene anachokera, ndiponso ngati kumtundu kwawoko kuli matenda otsata magazi, monga akugwa kapena a mutu. Anafunsa za kuchimuna kokha, chifukwa kwa iwo mwana ndi wa bambo, magazi amayenda ndi dzina. Za kuchikazi sanaziganize n'komwe. Ine mumtima ndinavina. Malemu bambo ake a Chisomo anali a Banda a ku migodi, anthu olimba ngati njanji, ndipo ndinayankha zoona zokhazokha. Ndinali nditawoloka popanda kunama ngakhale liwu limodzi.

Wailesi ya kuchipinda inazima. Katani inasuntha.

Anatuluka pang'onopang'ono, atavala diresi lawo la kumpingo, atamanga duku mopendama chifukwa anamanga okha. Kugwada sakanatha, ndiye anakhala pa mpando wa Esinati. Anakweza manja kuti aombe, ndipo popeza zikhatho sizinkakumana, anagundanitsa zigwinjiri, phu, phu, phu, zala zili lende kumbali. Kenaka anawayala manjawo pa tebulo, pamwamba pa dhoiri limene anaruka okha kale, n'kuyankhula m'Chishona chawo cha pa famu chija chosakaniza.

"Tete, mwagogoda khomo lolakwika. Inu mumatsata bambo, ife timatsata bele. Mtsikanayu ndi wa mbumba yathu, ndipo mbumba yathu ili ndi izi. Amayi anga anali nazo, ine ndili nazo, mng'ono wangayu alibe. Mwanayu mwina adzakhala nazo, mwina ayi, a chipatala nawonso sadziwa. Yang'anani bwino, kuti musadzanene kuti Mabhurandaya anatigulitsa mbuzi ili m'thumba."

Ine ndinafuna nthaka itseguke. Esinati anagwira pakamwa. Chisomo, amene anali pakhomo la kukhitchini ndi thireyi, anaima pomwepo.

Tete anayang'ana manja aja nthawi yaitali, osawagwira. Anafunsa ngati amapweteka. Achemwali anati m'mawa ndi m'nyengo yozizira, komanso akamamva mng'ono wawo akunama. Mng'ono wake wa tete anaseka, n'kudziletsa msanga. Tete anafunsanso kuti ndani analuka nsalu ya patebulo, ndipo atauzidwa, anaisisita ndi chala. Anamwa tiyi theka, anatsanzika mwaulemu, n'kunena kuti akafotokoza kunyumba.

Panapita miyezi iwiri osamva kanthu. Chisomo anaonda. Ine sindinawayankhule achemwali miyezi iwiri yonseyo. Beseni ndinkawabweretsera, koma ndinkaliika pansi mwamphamvu kuti madzi atayikire, ndipo iwo ankathokoza khoma, ankati zikomo khoma pondipatsa madzi. Tinamva kuti mayi ake a mnyamatayo ankakana, ati safuna kudzasamalira mpongozi m'malo moti mpongozi awasamalire. Ndinawauza achemwali kudzera mwa Esinati kuti aphe ukwati wa mwana ndi pakamwa pawo. Anandibwezera kudzera mwa Esinati yemweyo kuti ukwati umene ungafe ndi kuona manja a nkhalamba ndi bwino ufe usanabereke ana.

Amene anabwera pomaliza ndi Tafadzwa mwini wake, masana a Loweruka, ndi chikwama chake cha zipangizo. Sanakambe za ukwati. Anapempha kuona mpope wa panja, anachotsa chotsegulira chozungulira chija n'kuikapo chachitali, choti munthu akankhe ndi mkono. Achemwali anayesa, madzi anatuluka, ndipo anamuuza kuti tsopano akhoza kutumiza anthu ake. Ukwati unachitika. Apongozi ake a Chisomo mpaka lero amamuyang'ana zala akamapereka mbale, ndimawaona, poti woyang'ana amadziwa mnzake. Tafadzwa ndi munthu wabwino, koma ndimamuyang'anabe.

Chisomo atakhala ndi pakati anafunsa anamwino za nkhaniyi, n'kubwera kudzatiuza, iye m'Chishona ife m'Chichewa monga timachitira, kuti matenda otere akhoza kudzera kwa bambo kapena kwa mayi, sasankha. Achemwali anaseka mpaka kutsokomola. Anati ndiye kuti tete ndi iwo aliyense analondera khomo limodzi la nyumba ya makomo awiri.

Anamwalira m'nyengo yozizira, ndi chifuwa, m'mawa dzuwa lili pakhoma pawo. Masiku atatu izi zisanachitike anandiitana ndikupukuta manja awo ndi thaulo. Anati nditchule mayina aja. Ndinati sindikuwakumbukira. Anati ndikunama, ine amene ndimakumbukira amene anabwereka mchere chaka cha njala. Ndinati mayina otere satchulidwa, kutchula n'kuitana.

"Amayi anabisa, ine ndinachedwa, zala zinapita," anatero. "Iwe ukabisa, adzachedwa ndani?"

Ndinapita kukataya madzi.

Chimene chimandipweteka n'chakuti Esinati sakubisira anthu a mumsewu. Akubisira ine. Anaona ndi maso ake tsiku lija ndikukoka katani, ndikuika supuni m'thumba, ndipo anaphunzira bwino kuti m'nyumba muno munthu wa manja otere amaikidwa kuchipinda ndi mabanzi awiri. Mayi ake aakulu anamuphunzitsa kuluka, ine ndinamuphunzitsa kubisa, ndipo mwa ziwirizo wagwira changa.

Dzulo ndinalekeza kulemba pamenepa. Lero m'mawa ndinatulutsa beseni lobiriwira pansi pa bedi, pamene lakhala chaka chathunthu. Ndinalitsuka fumbi, ndinafunditsa madzi, n'kukaliika pa khoma la kum'mawa. Ndinamuitana Esinati asanapite kumsika kumene amagulitsa zovala. Anatuluka manja ali m'matumba a juzi, ataona beseni anaima.

"Mwaona liti, amayi?"

"Tsiku limene unavula mphete."

Anati mwina ndi kuzizira chabe, kapena kunyamula mabelo. Ndinati mwina, koma akanene zimenezo ndi a chipatala Lolemba, ndipo ndipita naye. Akafunsa za kubanja ndiyankha ndine. Kenaka ndinatchula mayina aja, koyamba chibadwire, mokweza moti mayi wa tsidya la msewu, amene ankasesa pakhomo pake, anaimitsa tsache. A Nasiwelo. A Nankhoma a ku Dedza. Msuweni wa ku Kadoma. A Felesiya. Dzina lomalizalo ndinaliwonjezera ndekha, chifukwa mwini wake sankadziwerengera, ankangokweza manja.

Mpando wa waya uli pomwe unali. Miyendo yake inaboola timaenje tinayi m'nthaka, ndipo pakhoma pali chizindikiro chakuda pamene ankatsamiritsa mutu, chimene Tafadzwa anafuna kupakapo penti ine n'kumukaniza. Pansi pa mpando pakadali kachitini ka fodya, kotsekedwa, kopanda woti akatsegulitse. Dzuwa limafika pamenepo nthawi yake yomweyo, limayamba ndi chotsamira, kutsikira pokhalira, n'kupeza palibe munthu. Odutsa mumsewu ena amatembenuzabe mutu kuti alonjere, n'kupitiriza ulendo.

Ndinamuuza Esinati kuti akhale pampandopo. Anakana. Anakhala pansi pambali pake, pa sitepe, n'kukokera beseni kwa iye. Nanenso ndinakhala pansi, mbali inayo. Mpando unatsala pakati pathu, dzuwa lili pamenepo, madzi akuchita nthunzi. Geti ndinali nditaiwala kutseka, ndipo nditaliona sindinadzuke.